Tsiku Limene Ndinagoneka Amuna Anga M'manda a Pabalaza

Mpaka lero kuno ku Ndirande alipo amayi awiri atatu amene akaona amuna anga akubwera, amakhotera kanjira kena. Iwo sanalakwe. Wolakwa ndine, ndipo ndaganiza zongoulula, mwina mtima ungapepukeko.

Zonse zinayamba chifukwa cha mwana wanga wamng'ono, Yankho, wa zaka zisanu ndi chimodzi. Mchimwene wanga amene tinkakhala naye anamwalira mu Januwale chaka chatha, ndipo kuchokera pamenepo mwanayu anasinthiratu. Chipinda chimene ankagona amalume akewo sankachiyandikira. Akamva nyimbo ya maliro, ngakhale pa wailesi, ankatseka makutu. Zinkandipweteka kwambiri. Ndiye Pasaka atayandikira, abusa n'kunena kuti makolo tiziphunzitsa ana nkhani ya kuuka kwa Ambuye kunyumba, ine ndinati basi, mankhwala a mantha a mwana wanga ndi amenewa. Koma m'malo mongowawerengera ana ngati anzanga onse, ndinati tichite sewero (ndinapatako mphoto ya zisudzo ku pulayimale, ndipo matendawo sanandithere).

Linali Loweruka m'mawa. Chifunga chinali chitatsika m'phiri mpaka kukuta nyumba za kumtunda, magetsi atazima mwa nthawi zonse. Amuna anga ndi mlonda, anali atangofika kuchokera kuntchito maso ali psuu.

"Bambo a Tadala, inu mukhala Yesu."

"Ine? Ndizitani?"

"Mungogona basi. Ndikakuitanani mudzuke, munene kuti ndauka."

"Kugona kokha? Bweretsani mphasa."

Tinayamba ndi kulowa mu Yerusalemu. Tadala, mwana wanga wamkulu wa zaka khumi, anathyola nthambi za mango n'kuziyala pamsewu, zina kumtunda kwa geti, zina kumunsi. Tinaguba tikuimba mpaka pakhomo, nthambizo n'kutsala pomwepo. Ine wobadwira m'tauni muno, wodziwa bwinobwino kuti masamba pamsewu ndi chizindikiro cha maliro, sizinandifike m'mutu n'komwe.

Kenako manda. Pabalaza pathu m'pothina, ndiye tinatulutsa masofa onse n'kuwandandalika pakhonde (mukuona kumene zikupita eti? Ine sindinkaona). Tinayala mphasa pakati, tinatseka makatani, amuna anga tinawakulunga nsalu yoyera ya pabedi mpaka m'khosi, kandulo kumutu. Ndisanamalize n'kukonza komwe, munthu anali atapita kale kutulo.

"Inu awiri ndinu amayi aja anapita kumanda akulira," ndinawauza ana. "Muzilira mpaka mngelo atulukire."

Mngeloyo ndinali ine. Ndinalowa kuchipinda kukavala neti yoyera ya udzudzu, foni nditayatsa tochi m'kati mwake kuti ndiziwala. Netiyo inakola m'mameshi a kumutu kwanga, ndipo ndikulimbana nayo ndinamva Tadala wayamba.

"Adadi ine! Mwatisiya ndi yani ife! Adadi ineee!"

Ndinanyadira. Ndinati mwana uyu watengera amake. Koma posakhalitsa pansi pa mawu ake panalowa mawu ena, aakulu, olemera. Geti linalira. Mapazi, mapazi, mapazi. Kenako zii. Ndiye wina anayambitsa nyimbo ija timaimba potulutsa bokosi m'nyumba, motsitsa, ena n'kuipolokezera.

Ndinasuzumira pa mng'alu wa chitseko.

Pabalaza panga panali patadzaza amayi, atakhala pansi miyendo atatambasula, mipango kumutu, nkhope zikuoneka mwa apo ndi apo ndi kuwala kwa kandulo. Patsogolo penipeni panali alandiledi athu, a Nangondo, atamukumbatira Tadala, amene poona akuluakulu akulira anali atayamba kulira zenizeni. Yankho yekha anangoima kumutu kwa bambo ake, duu, osaphethira. Ndipo m'mphuno mwa amuna anga munali thonje. Ine sindinaikemo. Mwanayo anali ataona amalume ake ataikidwa choncho, ndiye anakatola m'kabati kuti zikhale zolongosoka.

Apa ndiye ndinene chilungamo. Amuna anga akagona amachita nkonono wogwedeza malata. Tsiku limenelo kunalibe. Ndinayang'anitsitsa nsalu ija pachifuwa, sindinaione ikukwera kapena kutsika. Kunja galu wa aneba anayamba kulira mokoka. Ndinakumbukira zimene akuluakulu amanena, kuti maliro saseweretsa, ukawaitana amabweradi. Ndinati Mulungu wanga, kodi anthuwa aona chimene ine sindinachione? Kodi ndamupha mwamuna wanga ndi sewero?

Ndinaiwala kuti ndavala chiyani. Ndinakankha chitseko n'kutulukira mumdima muja, chinthu choyera chopanda nkhope, chikuwala cham'kati, chikukuwa.

"Bambo a Tadala! Bambo a Tadala!"

Nyimbo inadukira pakati. Wina anati, "Mayo, mzukwa!" Ndipo pamene onse ankandiyang'ana ine, kumbuyo kwawo mphasa inalira tswaa. Amuna anga anadzuka pang'onopang'ono, manja ali m'nsalu, maso ofiira aja ali tong'o, thonje lili m'mphuno. Munthu womvera malangizo, ananena mawu ake ndi liwu la m'mphuno.

"Ndauka."

Abale, sindinadziwe kuti chitseko chathu chingatulutse anthu anayi nthawi imodzi. Kandulo inazima. Mayi wina anadumpha sofa ya pakhonde atabereka mwana kumbuyo. Azibambo amene anali atayamba kusonkhana panja sanafunse n'komwe, anangoona akazi awo akuthawa nawonso n'kuliyatsa liwiro. Anatsala a Nangondo okha chifukwa cha maondo awo, atatsinzina, akungoitana dzina la Yesu, amuna anga n'kumawafunsa mwaulemu kuti, "Mayi, kwagwanji kodi?"

Atapeza mpweya anandikhazika pansi.

"Amake Tadala, ndinu munthu wamkulu. Masamba pamsewu, mipando panja, mwana akulira bambo ake. Mumati anthu atani? Ena atseka maokala awo, wina wathamangira kale kukauza akutchalitchi kwanu. Tsiku lidzakugwereni lenileni, anthu adzayamba afunsa kaye ngati si sewero."

Masana onse ndinayenda khomo ndi khomo ndi beseni la masilipasi amene anatsala pakhomo panga, ndikubweza ndi kupepesa. Ena anaseka mpaka misozi. Ena analandirira pawindo. Mayi wina anandiuza maso ndi maso kuti iye thonje analiona yekha, za sewerozo ndikauze ena.

Ndinabwerera manyazi ali tho. Koma nditalowa m'nyumba ndinapeza chimene ndinkachifuna chija. Yankho anali m'chipinda cha amalume ake, yekhayekha, akusesa n'kumaimba. Anali atayala bedi, nsapato zawo atazipukuta n'kuziika pakhomo. Mtima wanga unati myaa. Ndinati kaya anthu andiseke, mwana wanga wachira.

"Wasiya kuopa, mama?"

"Eee. Ndikuwakonzera." Anandiyang'ana nkhope ili ngwee. "Mawa ndi tsiku louka eti? Tilawirire kumanda, mukawaitane amalume ngati mmene munaitanira adadi. Inuyo amakumverani."

Ndinakhala pabedi paja. Amayi aja ndinawapepesa ndi beseni la masilipasi, koma uyu ndikanamupepesa ndi chiyani? Ndinamunyamula n'kumuika pamiyendo, ndipo ndinachita chimene ndinayenera kuchita poyamba pomwe, kulankhula naye ndi pakamwa. Ndinamuuza kuti adadi anangogona. Kuti amalume adzaukadi, koma wowaitana sindine, ndipo tsiku lake sindilidziwa. Analira kwambiri, kulira kumene sanalire pamaliro paja, nanenso ndinalira naye.

Chaka chino Pasaka atafika, Tadala anafunsa ngati tichitenso sewero. Amuna anga anangonyamula mphasa n'kukagona kwa achimwene awo ku Bangwe. Ine ndinatsegula Baibulo n'kuwerenga, masofa ali m'nyumba, makatani ali otsegula. Ndipo pofika pamene manda apezeka opanda munthu, ndinawerenga pang'onopang'ono, chifukwa Yankho anali akundiyang'ana pakamwa.