Tsiku limene ndinasiya apongozi pamtsinje

Kwathu ku Mphamba ndikamadutsa ndi ngolo, anthu amakuwa kuti, "Yang'anani kumbuyo!" Ndimaseka nawo, koma mumtima zimandiwawa.

Ine ndine munthu wokonda kuganiza. Mukandipatsa funso, ndimalitafuna mpaka dzuwa kulowa. Ndinkadzitamanso kuti mutu woganiza suiwala (akazi anga ankangoti "ehe").

Apongozi anga aakazi anali ndi dimba lachonde, ndipo anali atanena kuti alipeleka kwa mkamwini mmodzi: ine kapena mnzanga amene anakwatila mng'ono wa akazi anga, munthu amene nzelu zake zimathela pa nkhani za mpila. Ndinkaona kuti dimbalo ndi langa kale.

Tsiku lina ndinawanyamula apongoziwo pa ngolo kukagulitsa nshawa ku msika wa Lundazi. Pobwelela anakhala kumbuyo, ine kutsogolo. Mwambo mukuudziwa: apongozi suwayang'ana kumaso, sucheza nawo.

Pamtsinje ndinaimitsa ng'ombe kuti zimwe madzi. Pomwepo funso linandigwila: kodi ng'ombe zimakumbukila bwanji njila ya kwawo pomwe siziganiza? Koma linanditsekemela! Ndinakwapula ng'ombe, ulendo. Kumbuyo kuli zii. Mumtima ndinati, amayi awa koma ndi aulemu.

Nditafika pakhomo, akazi anga anasuzumila m'ngolo.

"Amama ali kuti?"

"Ali kumbuyoko."

"Kumbuyo kwake kuti? Muno muli masaka okhaokha!"

Mayo ine! Kani pamtsinje paja anatsika kukadzithandiza kuthengo, ndipo poona ngolo ikuchoka sanathe kuitana. Mpongozi angakuwile mkamwini ngati mwana?

Ndinaliyatsa liwilo. Ndinakumana nawo panjila atakhala pa kaliyala ya njinga ya mnzanga uja, mapazi ali mbuu. Iyeyo anangokumbuka kuti linali tsiku la msika, nkuwazindikila ali patali chifukwa cha duku lawo.

Ndinagwada pafumbi. Apongozi anayang'ana kumbali, nkuuza mnzangayo kuti, "Muwauze kuti yewo chomene, zikomo kwambili. Ng'ombe zafika bwino?"

Bola akanandilalatila.

Dimba linapita choncho. Lelo tomato wa mmenemo akazi anga amachita kukapempha kwa mng'ono wawo, ndipo akabwela naye amamuika pomwe ndingamuone. Ndimamva chisoni kwambili, osanama. Koma funso la ng'ombe lija yankho lake sindinalipeze, ndiye ndikuliganizilabe.