Mapampu a thanki ya Yamikani

Lolemba
Pampu ya mu thanki ya mwana wanga Yamikani yafa. M'thankimo muli madzi amchere, nsomba ziwiri ndi makoralo, tinyama tija tomera pamwala ngati maluwa. Popita ku yunivesite ku Coventry, mwanayu anandisiyira lamulo limodzi, m'Chingerezi monga mwa masiku onse: ndisaphe kanthu. Akubwera Lamulungu. Makoralo safuna madzi ongoima, amafuna mafunde. Ine wokulira m'munda wa fodya ku Kasungu, lero ndikusaka mafunde mu Tipton, ku Mangalande!

Lachiwiri
Kusitolo ya nsomba. Bambo wogulitsa akundionetsa mitundu ya pampu:
yothamanga liwiro limodzi mpaka imfa,
ya kabokosi kopotokola ndi dzanja,
yolamulira pa foni, yodziwa mafunde aang'ono, mafunde aakulu, ndi kupuma nsomba zikamadya.
Ndatenga ziwiri za pa foni, zoti ziziyang'anizana, ina ikamakankha ina izipuma. Ndikufuna mwana adzaone kuti adadi amatha. Komaliza kundiyang'ana mosirira anali wamng'ono, tsiku lomwe ndinamukonzera tcheni cha njinga.

Lachitatu
Zatheka! Madzi akupita, akubwerera. Makoralo akuweyuka ngati chimanga pa kamphepo. Ndakhala pansi kuonerera mpaka tiyi wazizira. Kunja mvula, koma lero sikundikhudza.

Lachinayi
Ndikuchokera kuntchito, m'nyumba muli zii. Apongozi anga aakazi, amene abwera kudzacheza kuchokera ku Dowa, azimitsa maswichi onse apakhoma. Kwathu timatero, chinthu choyaka pachabe chimadya mayunitsi. Ndayatsanso. Mapampu aiwala zonse zomwe ndinawaphunzitsa pa foni, ayamba ndi mphamvu zawo zonse. Mchenga koboo! Makoralo akwiririka, nsomba zabisala kuseri kwa mwala.
Mkamwini sayang'ana apongozi m'maso n'kuwauza kuti alakwitsa. Chikwatirire sindinakhalepo nawo pampando umodzi. Ndatuma mayi a Yamikani, ongoweruka kumene kuntchito kuchipatala, maso akulemera. "Ndamva, ndiwauza," akutero, nsapato ili m'manja.

Lachisanu
Uthenga wafika, koma theka. Nyali ya thanki apongozi aisiya ikuyaka. Mapampu azimitsa. Ndikuwamva kukhitchini akuuza mwana wawo: "Nsombazo zikuchita chizungulire, zipumeko. Nazonso ndi zolengedwa."
Ndachotsa mchenga pa makoralo ndi supuni, pang'onopang'ono, ngati kupukuta mwana kumaso. Ndaphunzitsanso mapampu. Ndamata tepi pa swichi.

Loweruka
Tepi sanaikhudze, ndi mayi aulemu. Azula pulagi.
Aphimbanso thanki ndi chitenje chawo chatsopano, ati kuno kukuzizira. Kodi munthu ungakwiyire bwanji chitenje?
Mmene zinthu zilili:
makoralo ayera ngati mafupa,
pabalaza pakumveka kafungo,
nsomba imodzi ikusambira chammbali.
Ndaimbira bambo wakusitolo. Akuti mapampu ndinasankha abwino kwambiri, bola asamazimitsidwe. Ndawathokoza.

Lamulungu
Yamikani wafika titabwerako kutchalitchi. Wapereka moni kwa agogo ake m'Chichewa chotsimphina, iwo aseka mpaka misozi. Kenako waima pa thanki. Ine ndaima kumbuyo kwake, foni m'manja, wokonzeka kumuonetsa mafunde aang'ono ndi aakulu, wokonzekanso kukalipiridwa.
Sanakalipe. "It's fine, Dad." Akuti ankaganiza kale zogulitsa thankiyo. Chipinda chomwe wapeza ku Hillfields, ku Coventry komweko, ndi chaching'ono, ndipo akamaliza sukulu sabwereranso kudzakhala kuno. Wandisisita paphewa ngati ndine wodwala. Wadya, wanyamula zovala zochapa, wapita kukakwera sitima.
Sabata yonse ndimaopa mkwiyo wake. Bola akanakwiya.
Mapampu akukankhabe madzi pa miyala yoyera, ina ikukankha, ina ikupuma, bwinobwino ndithu. Apongozi akudutsa, dzanja lalunjika kukhoma. Ndayang'ana kumbali, monga mkamwini wabwino.