Namzeze Anandilimitsa Nandolo Zaka Ziwiri

Pali zinthu zina zimene munthu amayenera kupita nazo kumanda osauzako wina, koma ine pakamwa panga sipasunga kanthu, ndipo muona posachedwa kuti ndi pomwepa pamene panandiika m'madzi. Ambiri amene anaona nkhaniyi ndi maso anatsogola kale. Otsalawo amaikamba mothira mchere wambiri, ndiye bola ndiifotokoze ndekha.

Inali nthawi ya chitaganya, Azungu akulamulirabe dziko lino. Ndinkagwira ntchito pa esiteti ina ya tiyi kuno ku Mulanje, m'tsinde mwenimweni mwa phiri, ndipo ntchito yanga inali yosonkhezera moto woumitsira tiyi m'fakitale. Kumunsi kwathu, cha ku Chinakanaka, kunali esiteti inanso. Azungu oyang'anira maesiteti awiriwa ankadwala nthenda imodzi, ya galimoto zothamanga. Chaka chilichonse m'chilimwe ankapikisana kuchokera pa mlatho wa kumunsi, kukhotakhota m'minda ya tiyi, mpaka pa bulugama wamkulu wa pamphambano. Wopambana ankalandira chiyani, mpaka lero sindidziwa. Ife tinkalandira fumbi.

Galimoto ya bwana wathu inali yobiriwira, yopanda denga, ndipo tinaitcha Namzeze. Ya kumunsi inali yofiira. Eni ake ankati Chiphaliwali, koma ife tinkati Nkhanu, poti pokhota inkayenda cham'mbali.

Mwaona kuti ndikungoti "ife, ife". Namzezeyo sindinamukwerepo ngakhale kamodzi. Chimene chinandilowetsa m'banja lake n'chakuti tsiku lina m'mawa anakana kulira, ndipo bwana anakodola anthu anayi amene tinkadutsa kuti timukankhe. Ine ndinagwira kumbuyo cha kumanzere. Atalira anandisiyira utsi kumaso ndi banga la mafuta pa malaya, ndipo malayawo ndinaletsa kuchapa sabata zitatu. Kuyambira tsiku limenelo mawu oti "galimoto ya bwana" anachoka m'kamwa mwanga. Ndinkangoti "tagula matayala atsopano," kapena "tikuvutikako ndi mapulagi, koma tikonza." (Bwanayo dzina langa sankalidziwa. Ankanditcha "iwe", ndipo ine ndinkakhutira nazo.)

Tsono vuto langa linali lakuti ndinakwatira kumunsi. Mkazi wanga Edina anali wa m'mudzi umene pafupifupi khomo lililonse linali ndi munthu wogwira ntchito ku esiteti ya Nkhanu, ndipo ine ndinali pachikamwini pomwepo. Tangoganizani: kudzuka tambala woyamba, kukalimako pang'ono m'munda wa nandolo wa apongozi, kuyenda mtunda wonse kupita kufakitale, n'kubwerako madzulo kudzamva alamu akuyamikira Nkhanu pakhonde pako. Ndinapirira zaka ziwiri. Kenako kapitawo wathu anandiuza kuti kumalaini kwapezeka nyumba ya kampani, ya njerwa, koma yopatsidwa kwa munthu wokhala ndi mkazi wake, ndipo andisungira mpaka kutha kwa mwezi. Ndinaifuna nyumbayo ndi mtima wanga wonse, ndipo Edina ankaifuna kuposa ine.

Panafunika kupempha chitengwa, kuti andilole kutenga mkazi kuchoka naye pamudzi. Mwini mbumba anali atsibweni ake a Edina, a Namakhuwa, mlonda wa pageti ku esiteti ya kumunsi, munthu wa nthabwala koma wosaiwala kanthu. Anati tikambirane Lamulungu m'mawa. Mpikisano unali Loweruka.

"Ndikukupemphani," anatero Edina m'mawa mwa Lowerukalo. "Lero lokha. Muime kumene aima atsibweni, muwanyamulire mpando, ndipo pakamwapo mutsekepo."

"Ine ndine mwana kodi?"

"Pa za galimoto ndinu mwana. Chotsaninso icho."

Ankanena kansonga ka tiyi kamene ndinasomeka pachipewa, chizindikiro cha ife a Namzeze. Ndinakachotsa pamaso pake. (Atatembenuka ndinakaika m'thumba la malaya, cha kumtima.)

Za apongozi anga aakazi ndifotokozeko pang'ono, chifukwa ana a lero amapatsana moni wa m'manja ndi apongozi ngati anzawo a kusukulu. Nthawi imeneyo sizinkatero. Mukakumana panjira, iwo ankapatukira uku, iwe uko, n'kugwada, maso kumbali. Akafuna kukuuza kanthu ankalankhula ali kuseri kwa chitseko, kapena kudzera mwa mwana wawo. Zaka ziwiri zonsezo nkhope yawo sindinaiyang'anitsitsepo. Ndinkawadziwa mawu ndi mapazi basi. Chala chawo chachikulu cha kumanja chinali chopanda chikhadabo, akuti chinagweredwa ndi musi kalekale.

Pa bulugama tinafikapo dzuwa likuswa mtengo. Anthu anali mbali ziwiri za msewu: a kumunsi mbali ino, a kumtunda tsidya. Ine ndinali mbali ino, nditasenza mpando wa ndalema wa a Namakhuwa. Tsidyalo anzanga onse a kufakitale anali ndi nsonga za tiyi pazipewa, akuimba, ndipo atandiona anayamba kundiloza. Mtima unandiwawa ngati ndagulitsa m'bale wanga. Ndinatambasula mpando, atsibweni anakhala, ine ndinaima kumbuyo kwawo manja kumsana. Amayi onse, pamodzi ndi Edina ndi apongozi, anali chapatali pansi pa mthunzi.

"Akamwini," anatero a Namakhuwa osatembenuka, "paja bilimankhwe wanu uja wadya m'mawa uno?"

"Wadya, atsibweni."

"Akafika mawa mundidzutse."

Anthu anaseka. Inenso ndinaseka, kuseka kwa mano okha. Mpaka pamenepa ndinali mkamwini wabwino, ndipo ndikufuna zimenezi zidziwike.

Kenako kunamveka mfuti kumlatho. Patapita kanthawi tinaona fumbi likukwera pamwamba pa tiyi, lofiira ngati dothi lathu lino, likukhota kumene msewu ukukhota. Phokoso linayamba kumveka, ndipo anthu onse anakhamukira kumsewu, amayi omwe kusiya mthunzi wawo. Za manja kumsana ndinaiwala. Ndinapezeka ndili kutsogolo, khutu nditatchera, poti ndinkauza aliyense kuti kulira kwa Namzeze ndingakuzindikire ngakhale ndili m'tulo. Ndipo ndinakumvadi. Ndikulumbira, ndinakumva.

Pakona pomaliza panatulukira galimoto imodzi yokha. Inali yofiira.

Munthu wanzeru akaona galimoto yofiira amati ndi yofiira. Ine mutu wanga unandiuza mwachangu kuti: taona, Namzeze wathamanga mpaka wafiira ndi fumbi! Inadutsa pa bulugama kuti vuu, fumbi lonse n'kutikuta moti sunkaona ngakhale dzanja lako. Ponseponse mbali ino kunali nthungululu, ndipo ine osadzifunsa kuti a kumunsi akululutira chiyani.

"Tapambana! Tawadya! Tawadya osatafuna!"

Ndinaponya chipewa m'mwamba, ndinalumpha, ndipo chimwemwe chitandichulukira ndinagwira munthu amene anali pambali panga, kumukumbatira, kumunyamula juu. Ndinkayesa Edina, chifukwa ndinamva mpango kumutu. Ndinadabwako kuti wapepuka liti, koma sinali nthawi yofunsa. Ndinazungulira naye katatu, kuponda sitepe ya tchopa, ndikuimba. Munthuyo ankakuwa m'Chilomwe, kundimenya zibakera pamsana, ine n'kumati nayenso wasangalala.

Fumbi linayamba kutsika. Choyamba chimene ndinaona ndi Edina, ataima patsogolo panga mayadi angapo, manja ali kumutu. Ndinamuyang'ana. Ndinaganiza pang'ono. Kenako ndinayang'ana pansi, pa mapazi amene ankalendewera pafupi ndi mawondo anga, ndipo chala chachikulu cha kumanja chinalibe chikhadabo.

Abale anga, munthu akanyamula apongozi amawatsitsa bwanji? Palibe amene anandiphunzitsapo zimenezi. Kuwataya sikukanatheka, kupitiriza kuwagwira sikukanathekanso. Ndinatseka maso, ndinagwada nawo pang'onopang'ono mpaka mapazi awo atagunda pansi, ndipo ndinatsala chigwadire chomwecho ndikuwomba m'manja, maso ali chitsekere. Ndinangomva mapazi akuthamanga kulowera m'tiyi. Nthungululu zonse zinali zitatha. Kunkangomveka a Namakhuwa akutsokomola pofuna kubisa phwete.

Nditatsegula maso ndinaona chachiwiri. Pansi pa bulugama, mzungu wa kumunsi ankatsika m'galimoto yake, anyamata ake akuipukuta, ndipo pamene apukutapo pankatuluka kufiira kwenikweni. Inali Nkhanu. Tsidya la msewu anzanga onse a kufakitale ankandiyang'ana, munthu wawo amene wangovina tchopa chifukwa cha kupambana kwa adani. Namzeze anafika dzuwa litapendeka, atamangidwa tcheni kumbuyo kwa thirakitala.

 Titafika kunyumba Edina anangoti, "Mawa atsibweni akakuponyerani chingwe, muchigwire."

Lamulungu m'mawa tinakhala pansi pa mango. Achimwene anga, amene anali nkhoswe yanga, anabwera ndi tambala woyera wopepesera, nkhope ili ngati ali pamaliro. Apongozi anali m'nyumba kuseri kwa chitseko. A Namakhuwa analandira tambala, kumuyeza kulemera m'manja, n'kuyamba kulankhula mofatsa.

"Zimene zachitika dzulo, makolo athu chichokereni ku Mozambique sanazionepo. Koma ine ndagona ndikuganiza. Munthuyu tamudyetsa nyemba zathu za kalongonda zaka ziwiri. Mwina magazi ake asintha. Ataona Chiphaliwali wathu wapambana, chimwemwe chinamupenga, n'kuiwala mwambo. Ngati zili choncho, ndiye kuti ndi mwana wa pakhomo pano, ndipo mwana wa pakhomo sitimumana kanthu. Mkazi angathe kumutenga ngakhale mawa. Akamwini, tiuzeni pamaso pa anthu. Munkavinira yani?"

Chingwe chija chinali chimenechi, ndipo ndinachiona bwinobwino. Achimwene anandigunda ndi chigongono. Edina, ali pamkeka cha uko, anandiyang'ana ndi maso opempha. Ndinaona nyumba ya njerwa ija m'maganizo mwanga, ndi mpopi wa madzi pafupi. Mawu anali amodzi okha, ndipo ndinatsegula pakamwa kuti ndiwanene.

"Musachite manyazi," anawonjezera a Namakhuwa. "Ndani angavinire chiphakasa chokokedwa ndi thirakitala?"

"Si chiphakasa!"

Mawuwo anatuluka okha. Ndinamva achimwene akupuma mwamphamvu, koma ndinali nditatsetsereka kale.

"Pepani atsibweni, koma tisanamizane. Ine ndinkavinira Namzeze. Ndinaona molakwa. Ndipo dzulo simunatipambane, lamba wa injini anangotidukira pa kona ya kumlatho. Pamene lamba amaduka n'kuti tili patsogolo, funsani aliyense. Nkhanu yanuyo chaka chamawa tidzaisiya ikufunsa njira!"

(Pamene ndinkamaliza n'kuti nditaimirira, chala chili m'mwamba, pabwalo la eni ake.)

A Namakhuwa anagwedeza mutu ngati munthu amene wamva zimene amayembekeza. "Chabwino. Poti mwati chaka chamawa, nafenso tidzakambirana chaka chamawa. Nandolo akudikira."

Nyumba ija anapatsidwa munthu wina mwezi usanathe. Edina analira, ndipo kulira kwake kunandipweteka kuposa kuseka kwa mudzi wonse. Sabata yathunthu ankandiikira chakudya osanena kanthu, ndipo tsiku limene anatsegula pakamwa anandifunsa funso limodzi: "Galimoto yanuyo ikudziwa kuti mwaitayira nyumba?"  Kufakitale nako anzanga anandikhululukira pokhapokha achimwene atachitira umboni za pansi pa mango, koma dzina loti "Anyamula" linandikanirira mpaka ndinapuma ntchito. Apongozi akandiona patali sankapatukanso pang'ono ngati kale. Ankabwerera kumene achokera.

Chaka chotsatira mpikisano sunachitike n'komwe. Bwana wathu anasamutsidwa, ndipo Namzeze anapita naye osatsanzika. Ine ndinalima nandolo chaka chimenecho, ndi chinanso, poti nyumba kumalaini sizinkapezeka ngati bowa. Itapezeka ina, tinakhalanso pansi pa mango pomwe paja. A Namakhuwa anali atayamba kale kukonza kukhosi kuti andizunze, pamene kuseri kwa chitseko kunamveka mawu a apongozi akuitana mwana wawo. Edina analowa, n'kutuluka akudziletsa kuseka.

"Amayi akuti musamuvutitsenso, atsibweni. Akuti munthu amene anakana kutaya galimoto ya eni ake, yakufa kale, sangataye mwana wawo. Akuti apite naye."

Ndinagwada kuyang'ana kuchitseko n'kuwomba m'manja, misozi ili m'maso.

"Akutinso," anapitiriza Edina, "potsanzika mutsanzikire pomwepo. Musayandikire."

Phunziro lake mwina mwalitola kale: mkamwini asamakule mwendo, ndipo fumbi likachuluka manja azikhala m'thumba. Zimenezo ndinamva ndipo ndinasunga. Edina ndakalamba naye, ndipo nkhaniyi ikayambika amandiuza kuti ndivomere kuti ndinapusa. Ndimavomera ndithu. Zaka ziwiri za khasu ndinazifuna ndekha. Koma lamba uja akanapanda kuduka, tinali titapambana.