Mbalame za ku Chiuta Kuseri kwa Nyumba Yanga

Amene akuti ndikunama aimirire pano, avule chipewa, alankhule akundiyang'ana m'maso. Palibe? Ndiye khalani pansi bwinobwino, mafoni alowe m'thumba, ndipo iwe watsamira chipupa ngati thumba la chimangawe, uwongole msana. Ine Gerevazio Makwinja ndinaphunzira kumishoni, kumene wonama ankagona chafufumimba mpaka matako apole, ndaphunzitsa ana kuno kwa Nsamala mpaka imvi kuti mbuu, ndipo sindingayambe bodza lero mano atatha m'kamwa. Ndikuti mbalame zonse za m'nyanja ya Chiuta zinakhalapo kuseri kwa nyumba yanga, ndipo wozibweretsa ndinali ine ndekha, pa njinga yakapalasa.

Akazi anga, mayi a Lusiya, anali a ku Chiuta, mudzi wa m'mbali mwa madzi kupitirira kwa Ngokwe. Kwawoko mwamuna ndiye amakakhala kwa mkazi, koma ine ndinali mphunzitsi wosamukasamuka, choncho ndinakapempha chitengwa. Abale awo anavomera, koma anaikapo mawu: mwana wawo ndangobwereka, tsiku lovuta likadzafika adzabwerera kwawo. Ndinavomera mosavuta, poti mnyamata sadziwa kuti tsiku lovuta limafikadi.

Pakhomo panga akuluakulu anu ankapadziwa. Pabwalo posesedwa mpaka kuwala, miyala yopaka laimu m'mbali mwa njira, udzu ndinkauzula usanadziwe n'komwe kuti wamera, nyerere zinkayenda mzere umodzi kumanzere, ndipo khwangwala akafika pamwamba pa denga langa ankagwira m'mimba mpaka akafike kwa aneba. Mukumva? Limenelo ndiye linali dongosolo.

Chilimwe china mayi a Lusiya anagwa akuyanika ufa, mbali imodzi ya thupi n'kufa. Kuchipatala anatiuza kuti tibwerere nawo kunyumba tizikawasamalira konko. Anasiya kudya. Ndikabwera ndi phala ankatembenukira kukhoma. Nditawaumiriza kuti anene chimene akufuna, anayankha ndi mbali ya pakamwa imene inatsala.

"Pano pali zii ngati kumanda, bambo a Lusiya. Ndikanangomvako atsekwe akudzuka."

Mawu amenewo anakafika ku Chiuta, sindidziwa anawanyamula ndani. Anatulukira alamu anga Che Saidi, mlongo wawo wa mayi a Lusiya, msodzi, ndiponso mwinimbumba, amene mawu awo pa za mlongo wawo ankaposa anga. Anakana mpando, n'kukhala pamphasa pambali pa wodwalayo nthawi yaitali. Kenaka anandiitanira panja.

"Alamu, mwamusunga bwino mlongo wanga, sitikudandaula. Koma zija tinagwirizana zija zakwana. Mwezi ukaoneka ndibwera ndi galimoto, akapumire kwawo."

"Iyayi. Msewu umenewo ungawamalize asanafike n'komwe pa Ntaja."

"Nanga pano mukumupatsa moyo? Pabwalo ngati pa ofesi ya boma, buluzi yemwe amachita kuodira asanalowe. Munthu uyu anabadwira m'phokoso la mbalame."

"Ngati vuto ndi mbalame, ndizibweretsa."

Anandiyang'ana kuyambira ku nsapato mpaka ku tayi. "Aphunzitsi, izo si ana a sukulu anu aja. Koma walahi, mukazibweretsa, ndimusiya."

Mwaiona nkhaniyo? Mwezi ukaoneka mbalame palibe, akazi anga akwera galimoto, ine n'kutsala ndi bedi lawo.

Ndinayamba ndi madzi, chifukwa mbalame ya m'nyanja sungaiitanire pa fumbi. Ndinatenga khasu n'kuyamba kukumba kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa mango, ndinapyola dothi lofiira, ndinapyola mchenga, ndinafika pa thanthwe khasu n'kutha kutsala mpini wokha, ndinakumba ndi mpiniwo, mpini utatha ndinakumba ndi mbale yodyera, mbale itatha ndinakumba ndi zikhadabo, kenaka ndinakhotera kum'mawa, kudutsa pansi pa njanji sitima ikundigunda pamutu, kudutsa pansi pa Shire mvuu zikundipondera denga, kudutsa pansi pa mapiri a Machinga ndikupatukira mizu ya mitengo kuti ndisaipweteke, mpaka chala changa chinaboola pansi penipeni pa Chiuta, ndipo madzi aja anandikankha chambuyo njira yonse n'kudzandilavulira kuseri kwa nyumba yanga pamodzi ndi matemba, milamba, bango lomeramera, ndi bwato limodzi msodzi ali momwemo akukokabe ukonde wake, amene anandipatsa moni m'Chiyao n'kufunsa ngati wafika ku Mozambiki, ine n'kumuuza kuti apalase chobwerera asanandidetsere miyala ya laimu. Mukumva? Ndipo malaya anga sanathimbirire.

Kutacha ndinavala jekete, ndinamanga tayi, ndinatenga wenzulo wanga wa kusukulu uja ankaimitsa ana onse pamalo amodzi mwendo uli m'mwamba, n'kukwera njinga. Ndinapalasa mwakuti Liwonde ndinangoimva fungo la nsomba zokazinga, mthunzi wanga unatsalira pa mlatho n'kudzandipeza masana uli wefuwefu, ndipo ndinafika ku Chiuta dzuwa likadali pomwe ndinalisiya ku Balaka. Ndinakwera pa chulu cha m'mbali mwa madzi, ndinakonza tayi, n'kuimba wenzulo.

Nyanja inaima. Funde lina linali litanyamuka, linangoima pomwepo chilili kudikira kuti ndimalize. Ndinalankhula mwachidule, monga ndinkachitira pa mzere wa m'mawa: kuli mwana wa kuno akudwala ku Balaka, ali mtsikana ankayanika nsomba pa gombe lomweli, ndipo zing'onozing'ono ankakuponyerani, aliyense amene anadyako, kapena makolo ake anadyako, aime pa mzere. Anyamata inu, palibe inatsala m'bango. Ndinaziimika motsata msinkhu: avuwo ndi matumba awo a pakhosi kumbuyo, kenaka achiswankhono, kenaka atsekwe, kenaka akakowa oyera ngati ana a ubatizo, abakha, ndi timbalame ta m'bango kutsogolo kwenikweni, nkhwazi n'kuiika kukhala kapitawo. Tinanyamuka, ine pansi pa njinga izo pamwamba, ndipo mthunzi wake unali woti nkhuku za kwa Ngokwe zinalowa m'khola, alimi a thonje anaweruka, pa mzikiti wina anaitanira swala ya madzulo dzuwa lili pamutu, ndipo pa chitunda china miyendo itandilemera akakowa anandigwira jekete ndi milomo n'kundiwolotsa pamodzi ndi njinga yomwe, ine ndikupalasabe m'malere kuti ndisaoneke waulesi. Ndikulumbira pa maphunziro anga.

Titafika ndinazikhazika mozungulira madzi aja, mizere yowongoka ngati yoyezera chingwe, n'kuzichenjeza kuti pano ndi pa nyumba ya wodwala, sindikufuna phokoso, sindikufuna nthenga pansi, ndipo wofuna kudzithandiza akweze phiko. Zinamvera. Munkatha kumva tsamba la mango likugwa. Ndinalowa m'nyumba, ndinawanyamula mayi a Lusiya, ndipo anali opepuka ngati mtolo wa udzu wouma, n'kuwakhazika pa khonde la kuseri atatsamira mapilo. Ine ndinaima pambali, manja kumbuyo, kudikira kuthokozedwa.

Anayang'ana nthawi yaitali.

"Bambo a Lusiya, mwazitani?"

"Ndazilongosola."

"Zakhala ngati zabwera pa maliro anga. Za kwathu sizikhala chonchi. Zimalandana nsomba, zimatukwanizana, zimanyera paliponse. Zisiyeni."

Tamverani bwino apa. Kukumba kuja kunali masewera, kupalasa kuja kunali masewera. Chimene chinanditulutsa thukuta ndi ichi. Ine amene sindinatulutsepo kalasi popanda mzere, amene ndinkabweza mwana pa chipata chifukwa cha batani limodzi, ndinayang'ana pabwalo panga posesedwa bwino paja, ndinayang'ana akazi anga, ndinaika wenzulo m'thumba, n'kuziuza mbalamezo kuti zichite za kwawo.

Chimene chinatsatira simungachimvetse inu ozolowera phokoso la ma wailesi a pa golosale. Atsekwe anayamba, abakha n'kulandira, nkhwazi inaponya mutu kumbuyo n'kulira mpaka malata a denga langa ananyamuka n'kubwerera pamalo pake misomali ili m'manja, belu la kutchalitchi linalira lokha anthu n'kuthamanga ndi mabuku a nyimbo pakati pa sabata, avuwo anagwera m'madzi mwakuti mafunde anatsuka laimu yense pa miyala yanga, zitosi zinafika m'mawondo, ndipo pofika madzulo pa zitosizo panali patamera udzu, maungu atayanga mpaka pa zenera, achule atabwera okha ndi mabanja awo, ng'azi itagona pakhomo pa khitchini ngati mwini nyumba. Mukumva?

Ndipo mayi a Lusiya anaseka. Mbali imodzi yokha, koma anaseka. Kenaka anafunsa ngati phala lija lilipo. Anadya lonse, n'kundituma kuti ndikawotche matemba.

Mwezi utaoneka Che Saidi anabweradi ndi galimoto. Analephera kupeza njira yanga ya miyala ija, tsekwe anawagwira mkanjo pa chipata, anafika pa khonde nthenga zili m'ndevu. Anakhala pansi pafupi ndi mlongo wawo, akumvetsera mbalamezo. Kenaka anawafunsa mlongo wawoyo chapansipansi.

"Abiti, tizipita?"

"Tipite kuti, achimwene? Kwathu kwabwera konkuno."

Che Saidi anaimirira, anasasa mkanjo. "Alamu, ndinalumbira. Koma tsekwe wanuyu mumuphunzitse ulemu, wandichotsa nyama." Galimoto inabwerera yopanda munthu kumbuyo.

Chilimwe chonsecho tinakhala pa khonde limenelo. Tsache ndinalikoloweka pa denga. M'mawa uliwonse ndinkawanyamula kutuluka nawo panja atsekwe asanadzuke, ndinkawafunditsa chitenje m'miyendo, ndipo iwo ankandilozera mbalamezo ndi dzanja lamoyo lija: uyo wamasiye, uyo wakuba, uyo akufunsira koma akanidwa. Nthawi zina ankaziyankha m'Chiyao. M'zaka zonse za ukwati wathu sindinadziwe kuti akazi anga anali olongolola chotero. Pakhomo paukhondo paja ankayenda mwakachetechete ngati mlendo, ndipo ine ndinkati ndi khalidwe.

Mvula yoyamba itayandikira, m'mawa wina, ndinawakhazika pamalo pawo, ndinalowa kukatenga phala. Ndikutuluka, mbale ili m'manja ikutentha, ndinamva chinthu chimene ndinali nditachiiwala: chete. Mbalame zonse zinali zitaima pa mizere, motsata msinkhu, zazitali kumbuyo zazifupi kutsogolo, ine osazilamula. Sindinafunikire kuyang'ana pa khonde kuti ndidziwe.

Che Saidi anafika tsiku lomwelo. Anandigwira dzanja ndi manja awo onse awiri.

"Alamu, wamoyo ndinakusiyirani. Uyu ndi wathu."

Sindinatsutse. Pangano ndi pangano, ndipo ndinali nditavomera ndi pakamwa panga ndili mnyamata. Tinawakweza m'galimoto, ine n'kukhala pambali pawo kumbuyo. Galimoto itangoyamba kuyenda, mbalame zonse zinanyamuka pamodzi, mapiko okhaokha opanda kulira ngakhale imodzi, n'kutiphimba ndi mthunzi njira yonse kuti dzuwa lisawawombe, ndipo madzi aja nawonso anatsika m'dzenje lawo n'kumatitsatira pansi pa nthaka, tinkawamva akuguguda kunsi kwa msewu ngati ng'oma ya kutali, anthu a m'misika anavula zipewa osadziwa n'komwe kuti akudutsa ndani, ndipo pamene tinkawatsitsira m'manda, pa mtunda woyang'ana nyanja, mbalame zija zinatera pa mitengo yonse ya kumandako mpaka nthambi zinagunda pansi. Dothi lomaliza litagwa, zinabalalika n'kubwerera m'bango mwawo.

Tsiku lobwerera kwathu ndinatsazika alamu anga, ndinayenda ndekha mpaka pa chulu chija, n'kukwera. Wenzulo anali m'thumba. Ndikanafuna, ndikanangoimba kamodzi, zonse zikanaima pa mzere n'kubwerera nane ku Balaka. Koma ndinaganiza kuti mayi a Lusiya agona pafupi ndi madzi tsopano, ndipo pakufunika wina woti aziwadzutsa m'mawa. Ndinazisiya dala. Ndine ndinazipatsa chilolezo.

Ndikudziwa kuti kuli asodzi ena kumeneko amene amanena kuti anandiona pa chulupo, mkulu wa jekete ndi tayi, ndikuimba wenzulo mpaka dzuwa kupendeka, ndipo palibe mbalame ndi imodzi yomwe imene inacheuka. Amenewo ndi abodza, ndipo akanakhala ana anga a sukulu akanaudziwa mkono wanga. Wenzuloyo anali pakamwa, inde. Ankalira, inde. Koma kumeneko sikunali kuitana. Munthu wophunzira kumishoni salira pagulu, ndiye ndinafunika chinthu choti ndilume, ndipo mpweya unkangotulukira momwemo.

Ndikanakhala kuti ndinaitana, zikanabwera. Mukumva? Zonse zikanabwera.