Kalongonda Woyembekezera Apongozi

Mpaka lero ndikangomva fungo la kalongonda m'mimba mwangamu mumayamba kulira mokha, ngakhale ndisanadye kanthu. Ana anga amati ndi ukalamba. Si ukalamba ayi. Nkhaniyi inayambira kutali, nthawi ya Chitaganya, ndili mtsikana wongokwatiwa kumene, tikukhala m'malayini pa esiteti ya tiyi cha ku Makwasa.

Ine ndine Mmang'anja wa ku Khonjeni. Amuna anga, a Layisoni, anali Mlomwe wa ku Goliati, munthu wosachulutsa mawu. Tonse tinkatchola tiyi. Vuto linali mayi awo. Apongozi angawo ukwati wathu sanaufune n'komwe, moti anali atawasungira kale ana awo mtsikana wachilomwe kumudzi. Mawu awo ankandipeza kudzera mwa anthu: akuti mkazi wosatha kuphika kalongonda angasunge bwanji Mlomwe? Akuti tsiku lodzationa, pobwerera adzanyamula mwana wawo.

Ndinati pamenepo pokha ayi. Mwamuna ndinamupeza ndekha, sangandichokere chifukwa cha nyemba.

Kwa inu osamudziwa, kalongonda ndi nyemba zikuluzikulu zimene ukaziphika mwachidule zimazunguza mutu, ena mpaka amachita ngati apenga. Pamafunika kuwiritsa tsiku lathunthu, kutaya madzi, kuthira ena, kutayanso. Ine chibadwire ndinali ndisanamuikepo m'kamwa (apa ndiye panagona tsoka langa). Kufunsa mayi a Firipo, Mlomwe wa khomo loyandikana nafe, ndinachita manyazi, poti nkhani ikanafika ku Goliati dzuwa lisanalowe. Ndiye ndinkangowazonda akamaphika, ndikunamizira kukapala moto.

Uthenga utabwera woti apongozi afika Lolemba, Lamulungu ndinajomba kutchalitchi, ndikuti mutu ukundiwawa. A Layisoni akaweruka kumapemphero ankadutsira ku mpira mpaka madzulo, choncho atangotuluka, ine mphika pamoto. Ndinawiritsa, ndinataya madzi, ndinawiritsanso, mpaka nkhuni zonse m'nyumba zinatha psiti. Kalongonda anafewa bwinobwino. Ndinavundikira mphika n'kuubisa kuseri kwa madengu, kuti amuna anga adzadabwire limodzi ndi mayi awo.

Lolemba apongozi sanabwere, kunagwa maliro ku Goliati. Mawa lake zii. Mkuja wake ziinso. Unali mwezi wa Disembala, nyumba ya malata, kutentha kochita kutuluka nako thukuta utangokhala. Kutenthetsa mphikawo ndinalibe nkhuni, komanso sindinkadziwa kuti n'kofunika. Kutaya? Nditawotcha nkhuni zonse zija? Sizikanatheka.

Tsiku limene ndinavundukula, fungo linayamba ndilo kundilonjera. Pamwamba panali tithovu, msuzi ukunanda. Munthu wanzeru akanathamangira nawo kudzala. Koma ine ndinakumbukira kuti anthu amati kalongonda amafuna kumuzolowera, ndiye ndinati basi, ndi mmene amakhalira, Alomwe ndi anthu olimba mtima. Ndinaganizanso kuti ndikadzachita tsinya pamaso pa apongozi ndiye kuti banja latha, bola ndiphunziriretu ndili ndekha. Ndinapakula mbale, kutsina mphuno, kumeza. Misozi ili chuchuchu, ine ndikudzilimbikitsa kuti uzolowera, mwana wa ku Khonjeni, uzolowera. Ndinapakulanso ina (inde, ina).

Madzulo chinsinsi chinandikanika kusunga. Ndinawaikira a Layisoni mbale yawo, ine n'kukhala pambali, maso ali pa iwo. Anayang'ana mbale, anayang'ana ine, n'kufunsa kuti ndinaphika liti. Ndinawauza zonse, za nkhuni, za kujomba kutchalitchi, za mawu a mayi awo amene ankandisowetsa tulo. Kenako anasamba m'manja, n'kudya yense mpaka kupukuta mbale ndi chala.

"Wakoma?" ndinafunsa.

"Mwayesetsa, mayi."

Ine kusangalala, osazindikira kuti funso langa sanaliyankhe.

M'mawa mwake tinalawirira kumunda. Amene munatcholapo tiyi mukudziwa kuti mitengo yake imalekeza m'chiuno, ndipo munda wake umangoti see, munthu kuonekera kutsidya. Pobisala palibe. Dengu lili kumsana, mimba inayamba kugunda ngati ng'oma. Ndinaluma mano, ndinati mzere wanga wokha ndiumaliza. Sindinaumalize. Ndinangomira mu tiyimo, pamwamba n'kutsala dengu lokha. Ndinadzuka, kutchola pang'ono, kumiranso.

Kapitawo anandiona. Iye anaganiza kuti ndikutola miyala yoika pansi pa dengu kuti likalemere pa sikelo, poti ena ankachitadi zimenezo. Anabwera akupatula tiyi ndi ndodo yake, akukalipa kuti lero wandigwira. Atatsala pang'ono kundifika anaima, anatembenuka, n'kulankhula atandifulatira kuti ndipite kudisipensale msanga. Azimayi a mzere wonse anaseka mpaka ena kukhala pansi. Ndinachita manyazi oti nthaka ikanang'ambika ndikanalowa. Ndikutuluka m'munda ndinaponya maso kumunsi kumene kunkatchola azibambo, ndipo ndinaona dengu linanso likumira pang'onopang'ono. Ndinalidziwa dengulo.

Adokotala a padisipensale atamva nkhani yathu anagwira pakamwa. Anati m'mimba mwa munthu aliyense mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso, tina tamtendere tothandiza kugaya chakudya, koma chakudya chikagonera m'kutentha mumaswana tina tankhanza, ndipo ife tinali titatilowetsa ndi manja athu. Ine, ngakhale ndinali wofookeratu, ndinatsutsa ndithu, ndinati nanga si ndinawiritsa tsiku lonse, kanthu kangapulumuke pamenepo? Anati tinalowa mphika utazizira kale. Anatipatsa mankhwala oyera ngati choko, n'kutilamula kumwa madzi owiritsa ambiri.

Apongozi anafika masana omwewo. Anatipeza tili kwala pamkeka, tikusinthana njira ya kuchimbudzi. Sanafunse zambiri, mphuno inawatsogolera yokha kuseri kwa madengu (mphikawo ndinali ndisanautayebe, musandifunse chifukwa). Anavundukula, n'kuvundikira msangamsanga. Kenako anavundukulanso, anatola nyemba imodzi n'kuifinya ndi zala, inaphwanyika bwinobwino. Ine mumtima ndikuti basi, mwamuna wapita.

Anawafunsa ana awo m'Chilomwe, koma iwo anayankha m'Chinyanja, mayiwo n'kutsatira momwemo.

"Iwe unakulira kalongonda. Fungo ili sunalimve?"

"Ndinalimva."

"Nanga unadyeranji?"

"Amandiyang'ana."

Apongozi ananyamula mphika kukataya kudzala, anakapempha nkhuni kwa mayi a Firipo, n'kutiphikira phala lamadzimadzi. Pondipatsira chikho changa ndi pamene anandilankhula koyamba chikwatiwire.

"Kuphika munaphika, anapsa. Koma munthuyu khalani naye. Chitsiru chotere sindingakachipereke kwa mwana wa eni ake."

Ndinalira, phala likundiwotcha milomo. Ndikanakonda kunena kuti kuyambira pamenepo ndinaphunzira kufunsa anzanga ndikapanda kudziwa chinthu, koma likhala bodza, manyazi amenewo ndikadali nawo. Chimene ndinasintha n'chimodzi. Ndinakhala ndi a Layisoni mpaka Mulungu anawatenga, ndipo zaka zonsezo ndikawaikira chakudya ndinkayang'ana kumbali.