Tsiku Limene Ndinavundikira Apongozi ndi Ndowa

Nkhani iyi ndinalumbira kuti ndidzapita nayo kumanda. Koma popeza anthu ena ayamba kuifotokoza mokhotakhota pamaliro ndi pamaukwati, bola ndiinene ndekha mwini wake. Ndi yochititsa manyazi, sindikukana. Koma mumve kaye mbali yanga musanayambe kuonetsa mano, chifukwa mpaka lero ndimati wolakwa sindinali ndekha.

Zinali zaka za m'ma 1950, nthawi ya Fedulo, boma la chitaganya la atsamunda lija. Ine Lazaro Phiri ndinali khukhi wa Abambo pa mishoni ina kufupi ndi mtsinje wa Chongwe, komanso ndinali mkamwini. Banja la mkazi wanga Velonika linachokera ku Katete ngati ifenso, ndipo mwambo wa kwathu linabwera nawo wonse, osaiwalako ndi kachidutswa komwe. Zaka zitatu ndinakhala pamudzi pa apongozi anga, a Nabanda. Kulima, ine. Kufolera nyumba, ine. Nkhokwe ikapendama, "Kodi akamwini alipo?" Ndikaweruka kukhitchini ndinkangovula epuloni n'kunyamula khasu.

Chimene ndinkafuna chinali chimodzi basi: chitengwa, kuti andilole nditenge mkazi wanga tikamange pathupathu kuseri kwa mishoni. Katatu konse ndinatuma ankhoswe, katatu konse anabwerako ndi "tionabe". Tsopano atsibweni ake a Velonika, a Gelesomu, eni mbumba, anali atalonjeza kuti pa Sande abwera kuchokera ku Bundabunda kudzagamula nkhaniyo.

Dziwaninso kuti zaka zitatu zonsezo ine ndi apongozi sitinayang'anizanepo kumaso, monga mwambo ukunenera. Ndikawaona panjira ndinkapatukira kutchire, ngakhale kuli chitedze. Akafuna kundiuza kanthu ankauza Velonika, ine ndili pomwepo, maso pansi.

Lachinayi la sabata limenelo, Abambo, amene anali atangobwera kumene kuchokera kutchuthi kwawo ku Amereka, anandipeza ndikulimbana ndi sitovu. Nkhuni zinali zaziwisi, misozi ili chuchuchu ndi utsi.

"Lazaro, kwathu kwabwera uvuni wophika popanda moto," anatero.

"Abambo, musaniseke. Nili na utsi m'maso."

"Zoona! Ndauona ndi maso angawa mu hotela ina. Sufuna nkhuni, sufuna makala. Mbatata imapsa usanamalize kupemphera chigawo chimodzi cha korona."

"Nanga chamene chiphika ni chani?"

"Mafunde. Ndi a mtundu umodzi ndi aja amabweretsa mawu mu wailesi, koma awa ndi afupiafupi. Chakudya chili chonse chili ndi madzi, si choncho? Mafundewo akalowa amagwedeza timadzi timeneto, kutitembenuza uku ndi uku mwaliwiro loti diso silingaone. Tikamakankhana choncho timatentha, monga amatenthera manja ako ukawatikita m'mwezi wa Juni. Chakudya chimapsa, koma mbale yake, popeza ilibe madzi, umainyamula ndi manja."

"Nanga mafunde yamene ayo sathawa?"

"Uvuniwo ndi bokosi lachitsulo. Chitsulo chimawabweza, ndiye amangozungulira momwemo."

Ndinasiya kupemerera moto. "Nanga munthu, Abambo? Ali na madzi?"

"Iwe? Ndiwe madzi okhaokha!" Anaseka, belu la masana n'kulira, iwo n'kutuluka kupita kukapemphera.

Onani tsono! Munthu wophunzira, wandevu zake, kuuza khukhi nkhani yoopsa chonchi n'kuisiyira pakati chifukwa cha belu. Adzukulu anga ku Lusaka lero ali nacho chibokosicho, amati maikulowevu, amatenthetsera tiyi akuyasamula. Ifeyo nthawi imeneyo ngakhale magetsi tinkangowaona ku tauni. Ndiye mukuti wopusa ndinali ine?

Vuto linali lakuti pamudzi pathu panali wailesi. Mlamu wanga wogwira ntchito ku migodi ku Kabwe anatumizira amayi ake, ija yozungulira, yokhala ndi batire lalikulu ngati njerwa. Dzuwa likapendeka anthu ankasonkhana pakhonde la apongozi kumvera nyimbo za ku Lusaka. Ine mkamwini sindikanakhala nawo. Malo anga anali kuseri kwa nkhokwe, pa mtondo wakale wogubuduzika. Ndipo waya uja wokola mafunde ndinaumanga ndine ndemwe pansonga pa nkhokweyo. Unkadutsa pamwamba pa mutu wanga penipeni, miyezi isanu ndi itatu yathunthu.

Loweruka m'mawa ndinadzuka mano akugundana. Manja ndi mapazi zii ngati mtsuko, khungu lonse tsemwe, koma m'mutu ndi m'mimba muli moto. Ndinagona chagada n'kuganiza. Mbale yozizira, chakudya chotentha. Mayo ine!

"Velonika, nikupsa."

"Ni malungo, a Phiri. Pitani kwa Asisitere akupatseni kwinini."

"Malungo niwadziwa kuyambira nili mwana. Aya si malungo. Ine ndine khukhi, nidziwa nyama ikayamba kupsa."

"Kodi dzulo munamwa chani?"

Funso limenelo linandipweteka kuposa mutu. Ndinamufotokozera zonse bwinobwino, za mafunde, za timadzi, za waya wa pankhokwe. Iye anali woyembekezera, mimba yoyamba imene tinaidikira zaka zitatu, ndipo anaseka mpaka kuigwirira ndi manja awiri.

"Ngati wailesi iphika, nanga bwanji ine nikali kutola nkhuni?"

"Iphika pang'onopang'ono! Batire ni limodzi chabe!"

Anatuluka akupukuta misozi. Mkazi wanga ndemwe, mwamuna wake akupsa!

Kwa Asisitere sindinapite. Kwinini angazime moto wa mafunde? Ndinakumbukira mawu a Abambo akuti chitsulo chimawabweza. Ndinatenga beseni lathu lochapira n'kudzivundikira nalo kuyambira kumutu mpaka pachifuwa. Ndipo imvani izi, inu amene mukuseka: pasanapite maola awiri thukuta linayamba kutsika, moto uja n'kuzima. Ndinadzuka n'kudya mbatata zinayi. Ndani wa inu akanakayika ataona umboni wotere?

Pa Sande a Gelesomu anafika panjinga, atavala jekete ndi chipewa cha nthenga. Titabwerako ku Misa anthu anadya, ine n'kuuzidwa kuti ndidikire m'nyumba mwanga mpaka andiitane. Ndinavala malaya anga oyera a kukhitchini, ndinapesa tsitsi, mawu othokoza ndinali nditawakonza kale.

Kenaka apongozi, pofuna kudzionetsera kwa alongo awo, anatsegula wailesi masana dzuwa likuswa mtengo.

Gitala atangoyamba kulira, mano anga nawonso anayamba. Kuzizira kunja, moto m'kati, chimodzimodzi dzulo. Ndinasuzumira pakhomo. Wailesi ili pampando pakhonde, a Gelesomu mbali iyi akugwedeza phazi, apongozi pamphasa mbali inayo, ndipo pafupi penipeni ndi chinthucho pali Velonika, mimba yake itayang'ana komweko.

Mwana wanga! Madzi okhaokha!

Za chitengwa ndinaiwala, za mwambo ndinaiwala. Nzeru inabwera imodzi, ndipo mpaka lero ndimati inali nzeru yabwino: ngati mafunde amatsekeredwa m'chitsulo, wailesiyo ivundikiridwe. Ndinakhuthula ndowa yathu yotungira madzi. Koma pakati pa nyumba yanga ndi khondelo panali bwalo lonse loti ndidutse, waya uja uli pamwamba. Choncho ndowayo ndinayamba ndaivala ndekha kumutu.

M'ndowa simuoneka kanthu koma zala zako zakumapazi. Ndinayenda chotsata nyimbo, manja patsogolo.

"Aka!" ndinamva mawu a Gelesomu. "Alongo, kodi pamudzi wa pamishoni pano muvina nyau masana?"

"A Phiri! Bwererani!" ameneyo anali Velonika.

Sindinabwerere. Chimene sindinadziwe n'chakuti pamene ndinkakhuthula madzi, mawu a wailesi anali atayamba kuchepa, batire litatopa. Apongozi anali ataichotsa pampando paja, n'kuiika pamiyendo pawo, n'kuweramira kuti khutu ligunde pomwe pamatuluka mawu.

Nditamva kuti nyimbo ili pansi panga penipeni, ndinatsinzina, paja maso nawonso ndi madzi. Ndinazula ndowa kumutu kwanga n'kuivundikira ndi mphamvu zonse pomwe pankachokera gitala.

Gwiii!

"Thawani nonse!" ndinakuwa, ndikukanikiza ndi manja awiri. "Velonika, thawa na mwana! Naigwira!"

Gitala anapitiriza kulira panja, osasokonezeka ngakhale pang'ono. Koma ndowa inayamba kugwedezeka, ndipo m'kati mwake munatuluka mawu ogunda ngati a m'chitsime.

"Mayo ine! Nafa! Nigwireni, nafa!"

Ndinakanikiza kwambiri. Ndinkati mafundewo akufuna kuthawa.

"Akamwini!" a Gelesomu anabangula. "Siyani alongo anga!"

Ndinatsegula diso limodzi. Pansi pa ndowa panali mapewa. Pansi pa mapewa panali wailesi, ili bwinobwino pamiyendo. Ndipo pamphasa panali mapazi awiri amene ndinawazindikira nthawi yomweyo, chifukwa zaka zitatu zonse mapaziwo ndiwo okha ndinkaloledwa kuona.

Velonika anandikankha n'kuzula ndowayo. Duku la apongozi linatsalira momwemo. Madontho a madzi ankatsika pamphuno pawo. Anandiyang'ana, ine n'kuwayang'ana, koyamba chikwatirire. Pakamwa panga panatseguka pokha.

"Muli bwanji, amayi?"

Zimene zinatsatira sindizikumbuka, chifukwa ndinagwa pomwepo. Akuti anandikweza panjinga ya a Gelesomu ngati thumba la chimanga mpaka ku chipatala cha mishoni.

Ndinatsitsimuka kukamwa kukuwawa kwinini. Pambali pa bedi panali Abambo, ndevu zikugwedezeka ndi chiseko chimene ankayesa kuchimeza.

"Lazaro, Lazaro! Asisitere akuti ndi malungo enieni. Ndiwo amabwera ndi kupita choncho, beseni lako silinachite kanthu."

"Koma munati mafunde a wailesi aphika, Abambo."

"Nonsense! Ndinati ndi a mtundu umodzi. Wailesi ya apongozi ako ndi khutu chabe, imangomvera, situlutsa mafunde. Ndipo aja a ku Lusaka amafika kuno atatopa, sangafunditse ngakhale supuni ya tiyi. Amadutsa paliponse, wailesi itsegulidwe kapena itsekedwe. Uvuni uja uli ndi chubu chakechake chopanga mafunde amphamvu, chimadya magetsi ambiri zedi, ndipo onsewo amaunjikidwa m'kabokosi kamodzi. Komanso ndani anakuuza kuti chakudya chimayamba kupsa pakati? Mafundewo amangolowa pang'ono, kosapitirira utali wa chala, kutenthako n'kumafalikira kokha."

"Nanga bwanji simunakambe zonse izi pa Chinayi?"

"Sunafunse."

Sunafunse! Ndinafunsa mafunso atatu, iwo n'kuthawira belu! Ndikanakhala ndi mphamvu ndikanawaphikira supu wopanda mchere mwezi wathunthu. Ndinangotembenukira kukhoma.

Lachiwiri ndinatuluka m'chipatala n'kupeza a Gelesomu sanabwerere ku Bundabunda. Ankandidikira. Njira yonse anthu a m'mudzi ankandipatsa moni akugogoda ndowa zawo, ngakhale azimayi a mpingo amene ndinkawagawira mafuta otsala kukhitchini. Ndinafika pabwalo n'kugwada patali. Za chitengwa sindinkaziganizanso. Ndinkangopempha Mulungu kuti asandilande mkazi.

Apongozi anakhala chofulatira, atavala duku lina. Analankhula kwa Velonika, mokweza kuti ndimve.

"Auze amuna ako atenge katundu wawo, atenge na iwe. Lero lomwe. Dzuwa lisalowe akali pano."

Sindinakhulupirire makutu anga. Chitengwa! Ndinaomba m'manja mpaka zikhato kuwawa, misozi ili m'maso.

"Zikomo, atsibweni! Zikomo kwambiri! Ninadziwa kuti tsiku lina mudzaona ntchito yamene nagwira pamudzi pano."

A Gelesomu anavula chipewa n'kuchiika pabondo.

"Ntchito? Akamwini, ntchito yanu ndiyo inali kukumangani. Ine ninabwera kudzakana. Alongo anga ananiuza kuti mkamwini wolima ngati inu sapezeka, nikuuzeni kuti mukhale zaka zina ziwiri."

Manja anga anaima m'malere.

"Nanga... nanga chasintha ni chani?"

"Mwana wawo wa ku Kabwe walemba kalata kuti pa Khirisimasi awatumizira makina osokera. Ndiye alongo anga akuti ngati kawailesi kakang'ono aka munabwera na ndowa, pa makina mudzabwera na diramu, ndipo khosi ali nalo limodzi chabe."

Bwalo lonse linagwa ndi phwete, Velonika akutsogolera. Ine ndinali chigwadire, ndikuwerenga m'mutu mizere yonse imene ndinalima pamudzi umenewo, nyumba zitatu zimene ndinafolera, ndi chitedze chonse chimene chinandiyabwa popatukira apongozi.

Mkamwini wakhama amamusunga, amene amamulola kupita ndi amene ayamba kumuopa.