Ndigula pa Eyiti, Ndigulitsa pa Sikisi

Lolemba

Imelo yafika! Kampani ija ya ku Joni yandiyankha. Chimalizireni digiri ya masamu ndakhala ndikungopinda zitenje pa benchi ya amayi mumsika wa Lundazi, lero kwapezeka anthu ofuna kumva mawu anga.

Ntchito yake ndi kugula ndi kugulitsa masheya ndi ndalama zakunja pa kompyuta. Kampaniyo ilibe makasitomala, imachita malonda ndi ndalama zake zomwe. Akufuna ongoyamba kumene, koma a mutu wothamanga. Mawa mayeso a masamu a m'mutu. Lachinayi intavyu ya pavidiyo. Akakondwa nane, Lachisanu ndilankhula ndi bwana wamkulu.

Pulani:
- kudzuka m'mamawa, masamu a m'mutu mpaka madzi a tiyi atawira
- kubwereka madayisi a ludo kwa aneba, paja akuti amakonda mafunso a mwayi
- kuchapa bulauzi yoyera
- osauza munthu aliyense

Ndauza amayi okha. Amayi si munthu aliyense.

Iwo akuti: "Malonda opanda katundu? Nanga wogula agwira chiyani kuti aone ngati sichisuluka?" Ndafotokoza mpaka kukhosi kuuma. Iwo akungosankha nyemba. Kenako angofunsa ngati ku Joni kumazizira.

Lachiwiri

Ndikupita kukagula bandulo ya intaneti. Mayi wogulitsa tomato: "Monile, a ku Joni!" Wometa wa pakona: "Sisita, mukafika munitumileko makina ometera, aya yasila." Ngakhale munthu wokonza njinga amene sanandipatsepo moni, lero wavula chipewa.

Amayi akuti anangouza mnzawo mmodzi, kuti azindikumbukira m'pemphero.

Masana mayeso. Ndangotsegula laputopu, magetsi thii! Netiweki nayo yatsatira mnzake. Ndathamangira pachulu cha kuseri kwa nyumba, paja ndi pokhapo pamene foni imagwira bwino. Laputopu pamiyendo, foni m'mwamba. Mafunso akugwa ngati matalala, kawotchi pakona kakungodya nthawi. Kuchulukitsa, kugawa, kuchulukitsanso.

Chapakati ndazindikira kuti pachulupo pali msewu wa anthu ena. Linthumbu! Mayeso ndamalizira choimirira, dzanja lina likulemba, miyendo ikuvina chimtali chopanda ng'oma.

Madzulo imelo ina: ndakhoza! Ndikudzola mafuta m'miyendo motupamo, ndikuseka ndekha ngati wozungulira mutu.

Lachitatu

Tsiku la madayisi. Ndakhala pakhonde, ndikuponya, ndikulemba. Madayisi awiri ukawaphatikiza, seveni ndi amene amabwera kawirikawiri. Zitsekerero za mabotolo ndiye ndalama zanga. Ndikudzigula, ndikudzigulitsa, zikuyenda bwino kwambiri.

Atulukira a Phiri, mkulu wa mpingo wathu, pa njinga. Ndinawapempha dzulo kuti andibwereke kachipinda ka kutchalitchi kochitiramo intavyu, chifukwa kali ndi magetsi a sola. Aima. Ayang'ana madayisi, ayang'ana zitsekerero, ayang'ana ine.

"Mwana wa Nabanda, juga dzuwa likuswa mtengo?"

Ndafotokoza kuti ndi sayansi. Afunsa ngati kampaniyo imaluza nthawi zina. Ndati eya. Afunsa ngati imawinanso. Ndati eya. Akuti: "Ameneyo ndi juga wovala tayi." Komabe kiyi andipatsa, ati bola tizinthuto tisaponde pabwalo la tchalitchi.

Ndisanapume, galimoto yaima pamsewu. Malume a ku Kasungu, mlongo wa amayi! Atsitsa matumba a soya. Amva pafoni kuti mphwawo walowa kampani yaikulu ya malonda, ndiye abwera kudzagulitsa osadzera kwa mavenda.

Ndawauza kuti:
- sindinalowe
- kampaniyo sigula soya
- ilibe ngakhale sikelo

Malume akuti: "Ogula onse amatero poyamba, kuti mtengo utsike. Iwe ungondionetsa bwanayo."

Matumba aunjikidwa m'chipinda mwanga. Ndigona moyang'anizana ndi soya.

Lachinayi

Ndilembe zonse mmene zayendera.

Kachipinda ka kutchalitchi, laputopu pamwamba pa mabuku a nyimbo, bulauzi yositidwa mpaka kuwala. Wondifunsa ndi mnyamata wa magalasi, wavala sikipa wamba, akumwa khofi. Ine ndavala ngati mboni ya ukwati.

Poyamba zikoma. Kandalama kakaponyedwa m'mwamba kangapo, mwayi woti mbali imodzi ibwere motsatizana ndi wotani? Ndayankha. Makhadi? Ndayankha. Akugwedeza mutu. Mumtima ndayamba kale kusankha jekete la ku Joni.

Ndiye kuseri kwa khoma nyimbo yayamba.

Ndinaiwala! Lachinayi ndi tsiku la amayi a mpingo. Ndipo lero abwera onse, ngakhale amene amajomba, chifukwa pali mutu wapadera wa pemphero. Mutuwo ndine. Nyimbo yatha, ayamba kupemphera onse pamodzi mokweza, wina Chitumbuka, wina Chinyanja, dzina langa likumveka uku ndi uku.

Mnyamata uja wafunsa ngati ndi wailesi. Ndati ndi kwaya, bwana. Akuti ndi yabwino.

Kenako masewera enieni. Akuti aponya madayisi awiri, ine nditchule mtengo umene ndingagulire chiwerengero chake, ndi umene ndingagulitsire. Zomwe ndinachita dzulo tsiku lonse! Kugula pa sikisi, kugulitsa pa eyiti. Ngakhale kutulo ndikhoza kunena.

Pawindo patulukira mutu wa malume. Kenako dzanja. M'dzanjamo mbale ya soya.

"Muonetse sampulo!"

Dzanja langa lamanzere likukankha mbale, nkhope ikumwetulira kamera, pakamwa pangotuluka: "Ndigula pa eyiti, ndigulitsa pa sikisi."

Mnyamata: "Chabwino. Ndakugulitsa pa eyiti. Ndagula kwa iwe pa sikisi. Mitengo ikadali yomweyo?"

Ine, ndikulimbana ndi windo: "Eya, bwana."

Wagulitsanso. Wagulanso. Wafunsanso. Ine eya. Kuseri "Aleluya!" Pamene mutu wanga wabwerera m'malo mwake, munthu wandidyera kangapo konse, ndipo akuyesetsa kubisa kuseka m'kapu ya khofi. Akuti zikanakhala ndalama zenizeni, bwenzi pano kampani ikugulitsa mipando ya mu ofesi.

Windo latseguka ndithu. Malume alowetsa mutu mpaka m'mapewa, aweramira laputopu: "Bwana, ndi wouma bwino, alibe zinyalala!"

Mnyamata wawabayibitsa. Vidiyo yatha.

Potuluka, amayi onse andizungulira, nthungululu. Ndamwetulira. Nanga ndikanatani?

Lachisanu

Sanandiitane, koma bulauzi ndavalabe, mwina mwake.

Ndatsegula imelo ndikudzuka. Ndatsegula ndikutsuka m'kamwa. Ndazimitsa foni, ndayatsanso. Ndadzitumizira imelo ndekha kuti ndione ngati zikufika. Zikufika.

Malume akufunsa kuti bwana uja watchula mtengo wanji. Ndati sanatchule. Akuti ndinalakwitsa ndine, ndinkakankha windo kuti litsekeke malonda asanapse. Masana atenga soya wawo kupita naye kwa mavenda a pa boma, omwe aja ankawathawa. Abwerako nkhope ili gwa, sakundilankhula.

Anyamata awiri obetcha mpira andipeza pa benchi mumsika. Amva kuti ndinaphunzira juga ku yunivesite. Akufuna ndiwauze matimu owina mawa, adzandigawira. Amayi awathamangitsa ndi ndodo yotsitsira zitenje.

Dzuwa lalowa. Bwana wamkulu sindinamuone.

Loweruka

Yafika. "Tinasangalala kucheza nawe, koma..." Mawu ena onse ndi nsalu yokulungira "koma" ameneyo. Ndikhoza kuyesanso chaka chamawa.

Pansi pake mnyamata wa magalasi wawonjezera zakezake. Akuti masamu ndili nawo, chimene ndikusowa ndi kugwira mutu pakati pa phokoso, chifukwa mu ofesi mwawo anthu amakuwa kuposa kwaya. Akutinso ndiwapatse moni malume.

Sindiwapatsa.

Ndalira kuseri kwa bafa, pang'ono chabe, kenako kwambiri. Ndimafuna ntchito imeneyi. Osati chifukwa cha Joni ayi. Pamene ankandifunsa mafunso oyamba aja, mutu wanga unadzuka ngati mmene unkachitira kusukulu, ndipo ndinali nditaiwala kukoma kwake.

Ndabweza madayisi. Ndabweza kiyi. A Phiri akuti ndisadandaule, Mulungu wandilanditsa. Akutinso pa sukulu ina yapulaiveti ya mumsewu wa ku Chipata akusowa mphunzitsi wa masamu, ndipo ahedi ake ndi mlamu wawo.

Malume akwera galimoto ya ku Kasungu. Potsanzika: "Ukalowa kampani ina, uyambe wafunsa ngati ili ndi sikelo."

Lamulungu

Kutchalitchi aliyense akundigwira chanza ngati pamaliro. Mayi wa tomato akuti mwina chikhulupiriro chinachepa penapake, ndipo akuyang'ana azimayi a mzere wakumbuyo.

Masana amayi akundiluka tsitsi pakhonde. Ndakhala pansi, mutu pamaondo awo. Ndikudandaula kuti anthu onse aja anapemphera mpaka mawu kusasa, koma osayankhidwa.

Amayi akoka tsitsi, alukaluka, kenako: "Wina anayankhidwa."

Ndafuna kutembenuka, andibweza mutu.

"Anzanga ankati Ambuye mutsegulireni khomo. Ine ndinali pakati pawo, maso otseka, ndikuti Ambuye, mwana ndili naye mmodzi yekhayu. Chipata ndilola. Lusaka tikambirana. Joni ayi."

Ndimafuna kukwiya, koma munthu sungakwiyire bwino amene wagwira tsitsi lako. Ndamva kadontho kagwera pakhosi panga, ndipo kunja kulibe mtambo.

Basi. Mawa ndipita kukaonana ndi ahedi aja. Chaka chamawa ndidzayesanso, ndawauza amayi poyera. Ndawapemphanso kuti ulendo wina, asanapite nazo kumwamba m'pemphero, aziyamba andifunsa ine.

Akuti aona.